Khomo Limene Ndinabisa M'kompyuta ya a Saidi

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Ndiyankhulira pomwe ndaima pano, kuti a kumbuyoko mundione bwino. Dzina langa ndine Dorika, kwathu ndi kwa Kanduku. Ambiri mumandidziwa kuti mayi wa kompyuta uja anatsekeretsa ofesi ya a Saidi paboda. Ena munandionera pakhothi, ena munangomva m'minibasi nkhani itathiridwa kale mchere. Lero mumve kwa mwini wake.

M'holo muno muli ena amene mwatuluka kundende chaka chomwe chino, muli ena amene mowa wakugwirani pakhosi, ena mwangoperekeza abale anu. Sindinabwere kudzalira pamaso panu, ndipo chifundo chanu chisungeni, mudzachifuna nokha. Ndabwera kudzanena zimene ndinachita.

Ndinaphunzira za makompyuta ku Blantyre, mayi anga akugulitsa mbuzi ndi mtedza chaka ndi chaka. Nditabwerera kuno ndinapeza ntchito kwa a Saidi, amene ali ndi ofesi yokonzera anthu mapepala a katundu wodutsa paboda. Amene simunagwirepo ntchito imeneyi mumvetse: thiraki ikafika kuchokera ku Zobue siidutsa ndi hutala ayi. Pamafunika mapepala, ndipo katundu aliyense ali ndi malamulo ake. Feteleza ali ndi ake, mbewu zili ndi ake, mankhwala ali ndi ake. Ejenti akalakwitsa pepala limodzi, thiraki imagona paboda masiku, dalaivala akutukwana, mwini katundu akuimba foni osalekeza. Akanama dala, laisensi imapita.

Mu ofesi imeneyo munali kalaliki wamkulu, a Gomesi, bambo a imvi amene kuchimayi kwawo ndi ku Tete. Malamulo onse anali m'mutu mwawo. Ankanyambita chala, kutsegula pepala limodzilimodzi, kenako n'kumukankhira munthu mapepala ake, amvekere apa chilolezo chatha, bwererani. Sankalakwitsa, koma ankachedwa, ndipo mzere unkafika panja.

Ine ndinati ndithetsa mzere umenewo. Kwa miyezi ingapo ndinkakhala pambali pa a Gomesi ndikuwafunsa lamulo lililonse, iwo akundiuza mokondwa, poganiza kuti ndikufuna kuphunzira ntchito. Zonse ndinazilemba m'chinenero cha makompyuta, chija cha Chizungu chosakaniza ndi timadontho ndi tizizindikiro. Inatuluka pulogalamu yabwino, sindinama. Ukalowetsa za katundu, inkayang'ana malamulo onse n'kuonetsa mtundu pasikirini. Kukabiriwira, mapepala ali bwino. Kukafiira, china chake chasowa. Ntchito ya ola lathunthu inkatha munthu asanamalize kapu ya tiyi. A Saidi anayamba kusayina akangoona kubiriwira, osawerenganso. A Gomesi anangotsala ndi sitampa ndi kiyi wa kabati. Ine kuseri ndinkawatchula kuti mdala wa chala chonyowa, anzanga n'kumaseka.

Mbiri yanga inamveka paboda ponse. Maejenti ndi madalaivala anayamba kundiitanira nkhomaliro, ndipo nkhomaliroyo inkabwera ndi botolo. Linali limodzi, anakhala atatu, kenako ndinasiya kudikira woitana. Chisanathe chaka ndinkayenda ndi kabotolo ka kachasu m'chikwama, pakati pa mpango ndi chaja ya foni. M'mawa manja ankanjenjemera mpaka nditameza kaye. A Saidi ndi Msilamu, mowa saufuna ngakhale fungo lake, koma ankangoyang'ana kumbali, chifukwa panalibe wina wodziwa kukhudza pulogalamu ija. Ine ndinkadziwa zimenezo, ndipo n'zimene zinkandikulitsa mtima.

Mmodzi mwa ondigulira mowa anali Bonifasi, amene ankayendetsa mapepala a wamalonda wina. Tsiku lina masana anandiuza kuti bwana wake ali ndi mathiraki a mankhwala osungira chimanga, aja timathira m'matumba kuti anankafumbwe asalowe, koma kompyuta yathu ikufiira. Chilolezo chinali chitatha nthawi, komanso chinali cha dzina la munthu wina. Anati chatsopano chili m'njira, ndingomuthandiza kuti katundu asaonongeke padzuwa. Ndinadziwa kuti akunama. Ndinabwerera ku ofesi, n'kulemba mizere itatu pakati pa mizere zikwi, youza kompyuta kuti ikaona dzina la wamalonda ameneyo isayang'ane chilolezo. Khomo lobisika, la munthu mmodzi.

Musanene kuti unali mowa. Ndinali nditamwa, inde, koma mizere itatuyo ndinailemba mwaukhondo, osaphonya ngakhale kadontho. Dzanja linali langa, nzeru zinali zanga.

Sikirini inabiriwira, a Saidi anasayina. Mathiraki awiri anadutsa. Pa yachitatu, ofisala wina wa kasitomu anaimba foni kukafunsa za chilolezo chija, ndipo zonse zinaululika. Atayeza mankhwalawo anapeza kuti ndi fumbi chabe lopaka mtundu. Nthawi imeneyo n'kuti a mathiraki awiri oyamba atamwazika kale m'misika, anthu atagula, atathira m'chimanga chawo n'kusoka matumba. Mayi anga anagula nawo pamsika wa paboma pano. Pofika miyezi ya njala, anthu kwathu ankamasula thumba n'kupeza ufa wonunkha ndi anankafumbwe okhaokha.

Bonifasi anawoloka malire, mpaka lero sanaonekenso. Apolisi anatenga a Saidi, chifukwa siginecha inali yawo. Apa ndi pamene ndinafika pansi penipeni, ndipo ndikufuna mumve bwino. Munthu wamkulu, wodwala shuga, anakhala m'chitokosi masiku asanu ndi limodzi. Ine ndinkadziwa chilichonse, koma ndinatseka pakamwa. Ndinkapita kukamwa, anthu akunena kuti a Saidi ndi akuba, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikudabwa nawo. Sindinaulule. Anachita kubwera katswiri wochokera ku Blantyre, anatsegula kompyuta ija n'kupeza mizere yanga. Anandigamula zaka ziwiri. Laisensi ya a Saidi anaiimitsa, ofesi inatsekedwa, ndipo onse ogwira ntchito mmenemo anabwerera kumudzi.

Kundende masabata oyamba thupi linkafuna mowa ngati lisweka. Ndinkasanza, kutuluka thukuta, kukalipira aliyense. Thupi litakhazikika, mtima unali ukadali wouma. Ndinkauza azimayi anzanga kuti wolakwa ndi Bonifasi, wolakwa ndi mowa, olakwa ndi a Saidi posayina osawerenga. Mayi anga sanabwere. Anangotumiza uthenga kudzera kwa azakhali kuti alibe mawu.

Patatha miyezi inayi, anandiuza kuti kwabwera mlendo. Nditatuluka ndinapeza ndi a Gomesi, atavala jekete lawo lija la kuntchito, ataonda. Sanandipatse dzanja. Sanabweretse chakudya ngati mmene amachitira alendo ena. Anandiuza kuti tsopano amagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, ndipo ulendowu achita kusiya dengu kwa mnansi. Kenako anatulutsa mulu wa mapepala womanga ndi mphira. Inali pulogalamu yanga yonse, yopirintidwa, imene loya wa a Saidi anawapatsa mlandu utatha.

Masiku onse a kuntchito ankanditchula kuti a Dorika. Tsiku limenelo anati, "Iwe Dorika, ndionetse pamene unabisa."

Ndinafuna kukana, koma maso awo sanachoke pa ine. Ndinatsegula mapepala aja. Sindinavutike kufunafuna, ndinkalidziwa tsambalo ngati chipsera cha pathupi panga. Ndinaloza. Iwo anavala magalasi, n'kuyendetsa chala pansi pa mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. Anabwerezanso. Anatenga nthawi yaitali moti msilikali wa ndende anayang'ana wotchi. Kenako anavula magalasi n'kunena kuti sakumva kanthu, ndiwawerengere m'chinenero cha anthu.

Ndinati, "Akuti, ngati mwini katundu ndi uje, usayang'ane chilolezo."

Anandiyang'ana. "Basi?"

"Basi, bambo."

Anapinda ngodya ya pepala n'kuiwongola. Atayankhula, sanakweze mawu.

"Mawu amenewa ngakhale wogulitsa mandasi pageti akhoza kuwamva. Akanakhala olembedwa chonchi, ine ndikanawaona m'mawa wake ndikufika. Ndikanakukalipira, ukanalira, nkhani ikanathera mu ofesi. Patarau wathu, a Saidi, sakanagona pasimenti. Unatenga malamulo m'kamwa mwanga n'kukawatsekera m'nyumba imene kiyi wake uli ndi iwe wekha. Kuba kunayambira pamenepo, osati tsiku la Bonifasi."

Abale anga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwada n'kulira. Ayi. Ndinapsa mtima. Ndinawauza mwamwano kuti iwo sadziwa za makompyuta, kompyuta siimva Chichewa. Iwo anandifunsa ngati Chizungucho kompyutayo inabadwa nacho, kapena anachita kuiphunzitsa anthu a manja awiri ngati ine. Anafunsanso kuti mbuzi za mayi anga zinathera chiyani ngati sindingathe kuiphunzitsa. Anaimirira, n'kusiya patebulo kope la ana asukulu ndi mapensulo awiri. Anamaliza ndi kunena kuti sanandikhululukire, ndisaganize molakwika. Anatenga mulu wawo wa mapepala n'kumapita.

Sabata yonse ndinkangotukwana mdalayo mumtima. Kope lija ndinalitsegula ndi cholinga chimodzi, kuti ndidzamuonetse kuti zimene ananena n'zosatheka. Ndinalemba lamulo lomwe lija ndinaliswa, mmene a Gomesi ankalinenera pakamwa:

NGATI katundu ali mankhwala a ulimi,
PAFUNIKA chilolezo,
NDIPO tsiku lake lisakhale litadutsa,
NDIPO dzina lake likhale la mwini katundu,
APO AYI, KANA.

Ndinaliyang'ana kufunafuna pamene kompyuta ingasokonezeke. Sindinapapeze. Mawu akuluakuluwo anali ochepa, ndipo lililonse linali ndi ntchito imodzi. Chinkangofunika ndi pulogalamu ina yomasulira, yotenga mizere ya Chichewayi n'kuisandutsa zimene makina amamva. Ndinalemba lamulo lachiwiri, lachitatu. Ndinapatsa mayi wina wa m'chipinda chathu, wogulitsa tomato amene analekezera Sitandade 5, kuti awerenge. Anawerenga n'kundiuza tanthauzo lake lonse, osaphonya. Pamenepo ndi pamene ndinalira, chifukwa ndinaona kuti njira imeneyi inalipo kuyambira kale. Sindinaifune chifukwa ndinkakonda kukhala ndekha wodziwa. Tsiku limenelo ndinasiya kutchula dzina la Bonifasi.

Pomwe ndinkatuluka, makope anali atakwana anayi.

Tsopano ndinene mmene ndinabwererera, chifukwa ena mwa inu mwaima pamene ndinaima ine, chikwama cha pulasitiki m'manja, osadziwa kolowera. Ndinayamba ndi kumene ndinkakuopa kwambiri. Ndinapita kwa Kanduku. Anthu amene anadya gaga chaka chija chifukwa cha ine anali pomwepo, pachitsime, kutchalitchi, panjira. Ena ankalavula ndikamadutsa. Sindinathawe ndipo sindinadziikire kumbuyo. Ndinalima ndi mayi anga dzinja lonse, kuyambira kugalauza mpaka kukolola. Sitinakambe za mlandu. Tsiku losoka matumba anandipatsa singano ndi chingwe kuti ndisoke ine, iwo n'kukakhala pamthunzi. Kwa mayi anga amenewo ndiwo anali mawu.

Za mowa ndisakunamizeni. Ndinagwanso kamodzi. Nditabwera paboma kudzagula mchere, mnzanga wakale anandikodola, ndipo ndinadzidzimuka dzuwa likupendeka ndili pabenchi lomwe ndinkamwerapo kale. M'mawa mwake ndinauza mayi anga ndekha, asanamve kwa wina. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo loti sindidya nkhomaliro ndi munthu amene ndinamwapo naye, ngakhale akhale wabwino chotani. Ndimanyamula chakudya changa m'kontena. Loweruka lililonse ndimakhala pa mabenchi amene mwakhalapowa. Chilakolako sichinathe, chimabwera makamaka ntchito ikayenda bwino, koma ndikachimva ndimauza munthu nthawi yomweyo. Chimakonda mdima wa mumtima, ukachitchula pagulu chimachita manyazi.

Kenako ndinapita kwa a Saidi. N'kuti atawabwezera laisensi, atatsegulanso ofesi ndi a Gomesi awiriwiri, akugwira ndi manja ngati kale. Ndinagwada pakhomo n'kunena zonse, makamaka za masiku asanu ndi limodzi aja. Sindinapemphe ntchito. Ndinapempha kuti andilole kuyesa zimene zili m'makope anga pa mapepala akale, kwaulere. A Saidi anati m'ofesi mwawo sindidzalowanso, ndipo kompyuta yawo sindidzaikhudza. A Gomesi ndi amene anati pakhonde si m'ofesi. Choncho ndinakhala pakhonde. Msuweni wanga wina, mphunzitsi, anandibwereka laputopu yakale yakufa batire, ndipo chingwe cha magetsi chinkadzera pawindo. Maejenti amene kale ankandiitanira nkhomaliro ankadutsa n'kumafunsana mokweza ngati wakubayo wayamba ulonda. Ndinkawapatsa moni n'kupitiriza kulemba. Ndinakhala pakhonde limenelo miyezi isanu ndi iwiri, fumbi la mathiraki likulowa m'mabatani.

Musaganize kuti zinangoyenda. Tsiku loyamba kuyesa, womasulira wanga anakana pepala lililonse, labwino ndi loipa lomwe. Ndinafufuza masiku awiri, n'kupeza kuti vuto ndi kamawu kakuti "ndi". Ife tikati katundu ndi mbewu, tikhoza kutanthauza kuti katunduyo ndiye mbewuzo, kapena kuti pali katundu komanso mbewu. Munthu amamva malinga ndi nkhani, makina alibe nzeru imeneyo. Ndinakachotsa kamawuko m'chinenero changa, n'kusiya NDIPO yekha wolumikizira. Kenako panabuka za ali, chili, ili, zili. Katundu ali, chilolezo chili, thiraki ili. Ndinafuna kukakamiza anthu kuti azilemba "ali" paliponse, koma a Gomesi anakana, anati sangalembe Chichewa chopunduka chifukwa cha makina aulesi. Ndinakhala pansi n'kuphunzitsa womasulirayo kuti onsewo ndi mawu amodzi ovala malaya osiyana. Anamva.

A Gomesi anali ndi katoni ya mapepala akale, ndipo lililonse ankalidziwa ngati linali labwino kapena lolakwika. Katoni imeneyo inasanduka mayeso athu. Mpaka lero, wina akasintha lamulo ngakhale limodzi, mapepala onse a m'katonimo amadutsanso, ndipo likapezeka loipa limene labiriwira, kusinthako kumakanidwa. Malamulo awiri akatsutsana, lina likuti lola lina likuti kana pa katundu yemweyo, pulogalamu imaima n'kuwaonetsa onse awiri kuti anthu agamule, siisankha yokha. Kusintha kulikonse kumafuna anthu awiri, wolemba ndi wovomereza, ndipo ine sindikhala mmodzi mwa iwo. Malamulo onse amapirintidwa n'kumatidwa pakhoma, pamene dalaivala aliyense angawerenge podikira. Pepala likafiira, kompyuta imatchula mzere weniweni umene wakana. Ngakhale womasulira uja ndinapempha a Saidi kuti amutumize kwa katswiri yemwe anandigwira, amuunike mzere ndi mzere. Chinenerocho ndinachitcha Poyera.

Koma chimene ndimanyadira kwambiri ndi mawu amene mulibe. M'chinenero chimenechi simungathe kutchula dzina la munthu. Mukhoza kunena za mtundu wa katundu, kulemera kwake, kumene wachokera, masiku a chilolezo. Koma "kupatula uje" mulibe. Mukalemba dzina la kasitomala, womasulira amakana mzere wonsewo. Ndinachita dala, chifukwa ndikudziwa pamene wakuba amaboola.

Ndiye mumve zimene zinachitika. A Saidi atayamba kuyesa pulogalamuyo pa ntchito yeniyeni, tsiku lina anatuluka pakhonde, koyamba kundiyankhula nkhani yoposa moni. Anati pali kasitomala wawo wa zaka zambiri, mlamu wawo ndithu, munthu woona mtima, amene chikalata chake china chimachedwa nthawi zonse koma chimafika. Anafuna kuti ndiwonjezere kamawu koti yekhayo azidutsa. Sankafuna kuba, ankangofuna kuthandiza m'bale. Ine ndinali munthu wopanda malipiro, wokhala pakhonde mwachisomo chawo, ndipo ndinkadziwa kuti akhoza kusolola chingwe chija pawindo nthawi ina iliyonse. 

Ndinati, "Bwana, mawu amenewo m'chinenerochi mulibe, ndipo sindiwaikamo. Ngati chikalatacho chikhoza kuchedwa, tilembe kuti chikhoza kuchedwa kwa aliyense, timate pakhoma. Ngati sichingachedwe kwa aliyense, alamu anu adikire. Mukafuna ndichokepo pano, ndichoka, koma khomo lina sindiboola."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itauma. Ndinamva a Gomesi akutsokomola m'katimo. A Saidi anabwerera m'ofesi, ndipo thiraki ya alamu awo inagona paboda masiku awiri. Sabata yonseyo sanandipatse moni. Lolemba lotsatira ndinafika n'kupeza mpando wanga pakhonde palibe. Ndinaganiza kuti basi, zatha. Ndikutembenuka kuti ndizipita, a Gomesi anandiitana pawindo kuti ndikuimiranji padzuwa, mpando uli m'kati.

Mwezi womwewo kunabwera lamulo latsopano la katundu wa matabwa. A Saidi anati ndisadzuke. Anakhala pakompyuta okha, munthu amene kale ankaopa ngakhale kugwira mbewa yake, n'kulemba lamulolo ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi. A Gomesi anawerenga, anakonza mawu amodzi, anavomereza. Katoni inadutsa bwinobwino. Ine ndinangokhala manja ali pamiyendo, osafunika, ndipo sindinamvepo kukoma kotero pa ntchito.

Lero maofesi atatu paboda akugwiritsa ntchito Poyera. Koma ndisakusiyeni ndi maganizo oti dziko lakhululuka. Miyezi iwiri yapitayo kampani ina yaikulu ya ku Blantyre inandiitana kuti ndikaonetse. Ndinapita, ndinaonetsa, mabwana anayi a mataye akugwedeza mitu. Mmodzi analemba lamulo lake n'kuyesa kulowetsamo dzina la munthu, pulogalamu inamukana, onse anaseka mokondwa. Kenako wamkulu wawo anapempha kuti titsale awiri. Anati chinthuchi achikonda kwambiri ndipo akufuna kuchitenga, koma afufuza mbiri yanga. Makasitomala awo sangakhulupirire pulogalamu yoyang'ana malamulo yolembedwa ndi munthu amene anamangidwapo chifukwa chokhotetsa malamulo. Anati njira ilipo, yosavuta: dzina langa lisaoneke paliponse, azinena kuti analemba ndi akatswiri awo, ine ndizigwira ntchito kuseri.

Ndinawauza kuti, "Bwana, chinthuchi n'cholimba chifukwa anachipanga ndi munthu amene anabapo. Amene sanabepo sadziwa poika loko. Mukufuna mugulitse pulogalamu yoletsa kubisa, poyamba ndi kubisa amene anailemba? Mukaifuna, muitenge ndi dzina langa ndi zaka zanga ziwiri. Zonse ndi katundu mmodzi."

Anati akaganiza. Mpaka lero foni sinalire, ndipo mwina siidzalira.

Inu amene mwatuluka kumene, zimenezi mukumana nazo. Adzakuuzani kuti lowani, koma dzina lanu mulisiye panja. Adzanena mokoma, akumwetulira, ndipo inu mudzakhala muli ndi njala. Sindingakulamuleni chochita, aliyense amadziwa ana amene akumudikira kunyumba. Koma ine ndinaphunzira mochedwa kuti chilichonse chimene ndinabisa chinandidya, ndipo chilichonse chimene ndinachiika poyera chinandisiya ndi moyo. Ndinalakwa, ndinalipira, ndipo sindilola munthu kundigamula kachiwiri mlandu umene khothi linatseka.

Tsiku lija la ku Blantyre ndinatseka laputopu, ndinathokoza abwana aja chifukwa cha tiyi, n'kukakwera minibasi ya ku Mwanza. Pa Zalewa ndinagula chimanga chootcha pawindo. Ndinadya chonse mpaka chitsononkho kuyera, mutu uli bwinobwino, m'chikwama mulibe chimene ndingaope kuti wina achione. M'mawa mwake seveni koloko ndinali pa desiki, mathiraki atandanda kale mpaka kumtunda.

Ndathokoza pondimvera.